Ana a M'botolo Amene Ndinkawagulira Nyama

Pa butchala ina ya pa Mitundu pali bambo wina wa kamimba kake amene akandiona ndikudutsa amasiya kudula nyama, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, ana adya?" Anthu amene ali pamzere amaseka, ine n'kuyang'ana pansi. Ndilibe mwana, ndilibenso mkazi. Ana amene amanenawo anali timitengo tisanu ndi kamodzi ta m'mabotolo, timene tinatsala pang'ono kuwotchetsa nyumba ya agogo anga. Koma ndisatinamizire, timitengoto tinalibe mlandu. Wolakwa ndinali ine.

Muyambe mwadziwa kuti ine ndine munthu wosayankhula. Bambo ndi mayi anga anamwalira chaka chimodzi ndili ndi zaka zisanu, ndipo anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, aNambewe, amene amagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. Agogo amayankhula mawu okwanira anthu awiri, ndiye sindinaone chifukwa chowonjezera. Amanditcha "amuna anga," monga amachitira agogo ambiri ndi adzukulu awo aamuna, ndipo amadandaula kwa aliyense wogula tomato kuti anakwatiwa ndi mtondo. Koma mwana wosayankhula amamva zambiri, chifukwa akuluakulu amamuiwala ngati ndowa. Ndili wamng'ono ndinkaima pamjigo ndi kachigubu kanga, amayi n'kumanong'onezana pamwamba pa mutu wanga: "Mwana wake ndi mkamwini, chaka chimodzi? Nkhalamba ija ili ndi kanthu." Sindinawauzepo agogo. Ndinangozisunga m'mimba zaka pafupifupi makumi awiri.

Nditasiya sukulu ndinapeza ntchito pa nazale ya maluwa ya Mayi Chirwa, m'mbali mwa msewu waukulu pa Nathenje. Ntchito yake ndinaikonda, chifukwa maluwa safunsa mafunso. Amadamu (tonse tinkawatcha choncho) anali munthu wabwino, wolipira tsiku lake, koma anali ndi galimoto ziwiri. Anthu a pa Nathenje ankafunsana kuti munthu angagule bwanji galimoto ziwiri pogulitsa maluwa, zinthu zoti mbuzi yokha ndiyo ingadye. Ine sindinkayankhapo. Ndinkangomva, monga mwa nthawi zonse.

Ndiye panali chomera chimodzi chimene amadamu anabwera nacho kuchokera ku Joni. Chinkalendewera mumphika pansi pa shedi, kumapeto kwenikweni. Kunsonga kwa tsamba lililonse kunali kachingwe, ndipo kunsonga kwa kachingweko kunali kamtsuko kotalika ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, ka mlomo wofiira wonyezimira, kokhala ndi kachivindikiro pamwamba. Chomera chimenechi palibe amene ankaloledwa kuchithirira. Amadamu ankachithirira okha ndi madzi a m'chigubu chapadera, akuchiyankhula ngati khanda. Tsiku lina iwo kulibe ndinasuzumira m'kamtsuko kamodzi. Munali madzi pang'ono, nyerere zakufa, ntchentche, ndi mphemvu imene inatsala theka. M'kamtsuko kena munali kamchira ka nalimata. Nalimatayo sindinamuone. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka ndinagunda wilibala, ndipo kuyambira tsiku limenelo kumapeto kwa shedi ndinkasesako nditatambasula mkono.

Chaka chilichonse mvula ikagwa amadamu amandilola kupita kumudzi kukapalira munda wa agogo. Chaka chimenecho iwonso ankapita ku Joni kwa milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lotsanzikana, kumayambiriro kwa Disembala, anandiitana kumapeto kwa shedi kuja. Ndinawapeza atanyamula lumo. Anadula tsinde la chomera chija zidutswa zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha masamba awiri kapena atatu. Masambawo anawadula pakati, timitsuko tonse n'kuchotsa. Kenaka anakulunga zidutswazo m'kansalu konyowa n'kundipatsa m'manja.

"Ana anga awa," anatero. "Ukawaike m'mabotolo, aliyense lake. Madzi afike pa mfundo yam'munsiyi, masamba asamire. Madzi a mvula okha, wamva? A pamjigo ali ndi mchere, amawapha. Uzisintha madzi pakapita masiku atatu. Pamalo powala koma posafika dzuwa. Feteleza ayi, manyowa ayi. Akatulutsa mizu tidzawaika mumiphika."

Ndinagwedeza mutu.

"Alonda sindingawasiyire, angawathire tiyi. Iwe ndiwe wosamala, komanso sulongolola. Usamaonetse aliyense, anthu kuno amadabwa msanga."

Ndinafunsa funso limodzi lokha limene ndinakwanitsa mwezi wonsewo. "Nanga kudya, amadamu?"

Anaseka. "Wasuzumiramo eti? Inde, chimadya nyama chimenechi. Koma usavutike, chimadzipezera chokha."

Foni yawo inalira, n'kutembenuka akuyankha. Ndinaima pomwepo ndi kansalu konyowa m'manja. Ndikanadikira kuti amalize ndiwafunsenso. Zikanangotenga mphindi ziwiri. M'malo mwake ndinakakwera njinga yamoto ya kabaza, kansalu kali m'jumbo, jumbo nditaigwira kutali ndi thupi langa njira yonse ya matope yochoka pa Nathenje kukafika ku Mitundu. Wakabaza anandifunsa ngati munali mazira. Ndinati eya.

Tsono inu amene munakulira m'tauni mundimvetse. Kwathu aliyense amadziwa, ngakhale amene amakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi, kuti chinthu cha kukhwima chimafuna kudyetsedwa. Ukachimana chimatembenukira pakhomo n'kuyamba ndi amene ali pafupi. Amanenanso kuti mwini wake akatopa nacho amachipatsira munthu wina, makamaka wopanda abale oti amufunsire. Ndili pakabaza ndinayamba kulumikiza zinthu. Galimoto ziwiri. Chomera chodya nyama. Madzi apadera. Usaonetse aliyense. Ndipo pa antchito onse anayi asankha wamasiye. Pofika pa Mitundu nkhaniyo inali itatha kale m'mutu mwanga, woweruza ine, mboni ine.

(Mukufunsa kuti bwanji sindinangotaya jumboyo mumtsinje. Ndinaganiza. Koma amanenanso kuti ukachitaya chimakakupeza kunyumba chitakwiya.)

Ndinapeza mabotolo asanu a zakumwa zoziziritsa kukhosi, lachisanu ndi chimodzi linasowa, ndiye ndinatsuka kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ka kukamwa kopanikiza. Madzi ndinatunga mumgolo umene timatchera kunsi kwa malata. Ndinandanda mabotolowo pazenera la kuchipinda kwanga, limene limayang'ana kumthunzi wa nthochi, n'kutchinga mkati ndi chitenje kuti agogo asaone. Kunja sindinatchinge, poti anati pakhale powala.

Mlungu woyamba sipanachitike kanthu. Ndinkasintha madzi, n'kupita kumunda, pobwera n'kuyamba kuwerenga mabotolo ndisanasambe m'manja. Timitengo tinali phee. Kukhala phee kumeneko ndiko kunkandiopsa, poti inenso ndine wa phee, ndipo ndimadziwa kuchuluka kwa zimene zimayenda m'mutu mwa chinthu chosayankhula.

Mlungu wachiwiri, aNaphiri oyandikana nafe nyumba anayamba kuzungulira bwalo akuitana anapiye. Thadzi lawo linali ndi anapiye khumi, atsala asanu ndi anayi. Tsiku lomwelo agogo anadzuka akudandaula mutu ndi msana.

"Ndikungomva ngati wina akundiyamwa mphamvu, amuna anga," anatero akufwenkha fodya wawo.

Khasu linandigwa m'manja. Agogo amadandaula msana chaka chilichonse nthawi yopalira, koma tsiku limenelo ndinaiwala zimenezo. Ndinalowa kuchipinda n'kuyang'ana timitengo tija. Timitsuko, pakamwa pake pomwe, amadamu anali atachotsa. Chinthu chodya nyama, chopanda pakamwa, choti chimadzipezera chokha: chidya bwanji, ndipo chidya yani? Pakhomopo tinalipo awiri, ndipo ine ndine ndinkachipatsa madzi. Ndinaona kuti njira ndi imodzi basi, ndichikhutitse chisanayambe kusaka. Poti pakamwa panalibe, ndinaganiza kuti chimadyera kumunsi, m'madzi.

Ndinayamba ndi ngumbi, poti inali nyengo yake. Ziwiriziwiri m'botolo. Patapita masiku awiri mwanapiye wina anasowa. Ndinati ngumbi zachepa, n'kuba usipa m'chitini cha agogo. Msana wa agogo sunasinthe, ndipo anayamba kutsokomola. Apo ndinavala malaya oyera n'kupita ku butchala.

"Mundidulire ya mbuzi, kachidutswa kakang'ono, kopanda fupa."

Bambo uja anadula kachidutswa n'kukakweza m'mwamba ngati akufuna kukaona bwino padzuwa. "Aka? Mwayamba kuweta mphaka, achimwene?"

"Ayi. Ndi ya ana."

Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa. Munthu wokhala chete tsiku lonse, ndikatsegula pakamwa n'kutulutsa zimenezo. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, akudziwa bwino lomwe kuti pakhomo pa aNambewe palibe mwana, kenaka anakulunga nyama m'pepala.

Kunyumba ndinaiduladula ndi lumo. M'mabotolo asanu inalowa bwino. M'kabotolo ka mankhwala a chifuwa kaja inakana, monga zinakanira ngumbi ndi usipa, chifukwa kamtengoko kanadzaza kukamwa konse. Ndinayesa kukankha ndi kamtengo ka machesi, zosatheka. Kusamutsira m'botolo lina kunafuna kuti ndikagwire ndi manja kali ndi njala, ndipo zimenezo sindikanayesa. Ndiye kamene kaja ndinakanyamula ndi chitenje n'kukakabisa kuseri kwa bafa, pansi pa nthochi, kutali ndi mphasa ya agogo. Pakapita masiku atatu ndinkapita kukapendeketsa kabotoloko kuti madzi akale atuluke n'kuthiramo atsopano, nkhope nditayang'ana kumbali. Sindibisa, ndinkakapepesanso.

Asanu a pazenera aja ankadya ngati mafumu. Masiku atatu aliwonse madzi atsopano, nyama yatsopano. Madziwo ankayamba kufiira, mawa lake n'kuchita mbuu, mkuja n'kuchita thovu. Fungo lake ndisalifotokoze, mwina mukudya. Masamba anayamba kuchita chikasu, ine n'kumati nyama ikuchepa. Agogo sanamve kanthu, chifukwa fodya wamphuno anawapha mphuno kalekale, moti akhoza kugona pafupi ndi galu wakufa n'kudzuka akuyamika mpweya wabwino. Pa Khirisimasi tinadyera nkhwani wotendera, poti ndinawauza kuti zinthu sizinayende bwino chaka chino. Ana a pazenera anadya chiwindi.

Amene anamva fungo ndi ntchentche zobiriwira zija, ndipo amene anatsata ntchentche ndi aNaphiri. Linali Lachiwiri m'mawa, mlungu wachisanu, mwanapiye wachinayi atasowa. Ndinkachokera kumunda nditasenza khasu pamene ndinawaona ataima kuseri kwa nyumba yathu, nkhope ili pazenera langa. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Sanakuwe. Anaima nthawi yaitali, milomo ikuyenda, akuwerenga mabotolo. Kenaka anamanga bwino chitenje chawo n'kuchoka pang'onopang'ono, osayang'ana m'mbuyo. Anandidutsa pafupi, n'kundiyang'ana ndi chisoni.

"Mwana iwe," anatero motsitsa mawu, "uzipemphera kwambiri."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti akuganizira agogo. Sanaganize n'komwe kuti mabotolowo ndi anga. Ndani angaganizire mtondo?

Lachitatu agogo anabwera kuchokera kumsika ndi dengu lodzaza monga anapitira.

"Anthu a Mitundu alowa chiyani?" anatero akutula. "Munthu kufika pabenchi, kundiona, n'kukagula tomato wovunda wa uyo wa maso otuwa uja. Ngakhale moni. Kodi ndanunkha?"

Ndinangoti kaya.

Lachinayi ndinapita kumjigo, amayi onse n'kukhala chete ngati mwalowa m'busa. Mmodzi anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa chitenje. Pobwerera ndinamva kumbuyo kwanga akuwerenga mayina: bambo anga, mayi anga, malemu amuna awo a agogo, mwana wina amene anamira padambo zaka zapitazo, ndi mphunzitsi amene anafa ndi njinga yamoto. Asanu, botolo lililonse ndi mwini wake. Madzulo ake dzuwa lisanalowe mwala unagwa padenga lathu. Umodzi wokha, koma pa malata unamveka ngati mfuti. Agogo anatuluka ndi chikuni akutukwana ana osaleredwa. Ine ndinakhala pakhonde ndikumvetsera padenga, chifukwa ndinamvapo pawailesi zimene zimachitikira nkhalamba mwala woyamba ukagwa. Wachiwiri sachedwa, ndipo pambuyo pa miyala pamabwera moto.

Mukuganiza kuti apa ndiye ndinaulula. Ayi. Ndinatsegula pakamwa katatu, katatu konse n'kutulutsa mpweya. Ndinkaopa anthu, ndinkaopa agogo, koma koposa zonse ndinkaopabe timitengo. Lachisanu ndinapitanso ku butchala.

Loweruka m'mawa anafika a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, telala wofatsa amene amaopa ngakhale atsekwe. Anali atapanira Baibulo kukhwapa. Pambuyo pawo panali aNaphiri ndi amayi ena atatu, ndipo kumsewu kunaima anyamata angapo amene sanabwere kudzapemphera. Agogo anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Moni anayenda mmodzimmodzi, aliyense wadzuka bwino kaya anzathu. A Kamwendo anayamba ndi mvula, n'kupita ku mtengo wa feteleza, n'kubwereranso ku mvula.

"A Kamwendo," agogo anawadula, "anthu asanu simungabwere kudzandiuza kuti kukugwa mvula. Ndili ndi denga, ndimaimva. Ndimamvanso miyala."

A Kamwendo anapukuta thukuta. "Mayi, ndi nkhani ya... pali mawu akuyenda. Akuti pazenera lanu pali zinthu."

"Zenera liti?"

"Lakuseri," anatero aNaphiri, maso ali pansi. "Mabotolo a magazi. Ndinaona ndi maso angawa. Anapiye anga atha. Ife tili ndi ana, aNambewe."

Agogo anadzuka, n'kulowa m'nyumba. Tinamva chitseko cha kuchipinda kwanga chikulira. Patapita kanthawi anatuluka atanyamula beseni, mabotolo asanu ali m'menemo akugundana, ntchentche zikuwaperekeza. Anaika beseni pakati pa mphasa. Amayi anafutuka. A Kamwendo anasuntha ndi mpando womwe mpaka anakatsamira nkhokwe. Anyamata akumsewu aja anayandikira, ndipo ndinaona kuti mmodzi wafumbata kanthu m'dzanja.

Agogo sanayang'ane aliyense wa iwo. Anayang'ana ine. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Sinali yaukali. Inali ya munthu wokalamba amene wazindikira chifukwa chake tomato sakugulidwa.

"Amuna anga," anatero mofatsa, "lero muyankhula."

Ndinayankhula. Ndikuganiza kuti mawu a tsiku limenelo anaposa a chaka chonse. Ndinanena za amadamu, za kamchira ka nalimata, za madzi a mvula, za kabaza. Ndinati mabotolo ndi anga, agogo sakudziwa kanthu. Ndinati ndinkadyetsa timitengoto kuti tisadye agogo, poti msana unayamba kuwawawa. Pofika pamenepo mamina anali akutuluka, munthu wa ndevu zanga.

Agogo anaweramira beseni, n'kuloza botolo limodzi.

"Ichi n'chiyani chikuyandamachi?"

"Nyama."

"Ya chiyani?"

"Ya mbuzi."

"Kuyambira liti?"

"Milungu itatu."

Anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. "A Kamwendo, lembani. Ine Khirisimasi ndadyera nkhwani. Chaka chatsopano ndalowera nkhwani. Ndayamba kubiriwira m'maso. Kuseri kwa chitseko timitengo tikudya mbuzi." Anatembenukira kwa amayi aja. "Inu mukuti ndine mfiti. Mfiti yanji yogona ndi njala nyama ili chipinda chinacho?"

Mayi mmodzi anaseka n'kudzigwira pakamwa. Koma aNaphiri sanaseke, ndipo mnyamata uja sanatsegule dzanja. A Kamwendo, akadali kunkhokwe, anati bwanji tiwaimbire eni ake. Ndinaimba, foni ndinaika pa laudi kuti onse amve, n'kuigoneka pamphasa. Mwamwayi amadamu anayankha.

"Ana anga ali bwanji?"

Amayi anayang'anana. Ndinafotokoza mwachidule.

"Wathiramo chiyani?" Mawu awo anakwera mpaka foni inanjenjemera. "Mbuzi? M'madzi? Iwe, ndinakuuza kuti ngakhale manyowa ayi."

A Kamwendo anayandikira pang'ono, n'kudzitchula dzina ndi udindo, n'kufunsa mwaulemu ngati chomeracho chimadyadi nyama. Amadamu anapuma kaye, kenaka anafotokoza ngati akuphunzitsa ana a sukulu. Anati kwawo kwa chomeracho ndi kunthaka yosauka, yopanda chakudya, ndiye chimatchera tizilombo m'timitsuko take kuti chipeze chimene nthaka yachimana. Ntchentche, nyerere, mphemvu. Tikaterereka n'kugweramo basi, sichithamangitsa kanthu. Anati ngakhale m'madambo a ku Dzalanyama muli kachomera kakang'ono kofiira, ka masamba omata, kamene kamagwira udzudzu, ndipo ng'ombe zimakaponda tsiku lililonse. Zidutswa zodulazo zilibe n'timitsuko tomwe, sizidya kanthu, zimangofuna madzi oyera kuti zitulutse mizu.

"Nanga anapiye anga?" anafunsa aNaphiri, akuyankhula ndi foni koma atayang'ana kumbali.

"Mayi, chinthu chilibe miyendo. Funsani kabawi."

Agogo anasolola kamtengo kamodzi m'botolo. Kumunsi kwake kunali kwakuda, kofewa ngati nthochi yovunda, ndipo kanaduka m'manja mwawo. Anasolola kachiwiri, chimodzimodzi, mpaka kachisanu. "Aka kadye mwanapiye? Kakulephera kuima pakokha."

"Zafa zonse?" anafunsa amadamu ndi mawu otsika. "Zonse zisanu ndi chimodzi?"

"Zisanu ndi chimodzi?" anatero aNaphiri. "Apa pali zisanu."

Maso onse anabwerera kwa ine. Ndinati kalipo kena kuseri kwa bafa. Ndinawonjezera, poti ndinali nditayamba kale kunena zoona, kuti kameneko sikanadyepo chiyambire. Bwalo lonse linabwerera m'mbuyo, ngakhale amene anali atangomva kumene za nthaka yosauka. A Kamwendo anatsegula Baibulo osayang'ana tsamba.

Ndinakatenga ndi chitenje, monga mwa masiku onse. Agogo anandilanda ndi manja awo, n'kukweza kabotoloko padzuwa. Masamba ake anali obiriwira. Kumunsi tsinde linali litatupa n'kung'ambika pang'ono, ndipo pamng'alupo panatuluka timizu titatu tating'ono ngati tsitsi. Pamfundo yapamwamba panali kamphukira konga kambewu ka mpunga.

"Kali ndi ndevu," anatero agogo.

"Mizu?" inakuwa foni. "Yatuluka mizu? Musakagwedeze, chonde."

Agogo anayang'ana aNaphiri, n'kuyang'ana anyamata aja mmodzimmodzi, amene ena mwa iwo anawaonapo ali pamsana. Kenaka anasolola kamtengoko mosamala n'kundipatsa kuti ndigwire. Ndinagwira, poti panalibe pothawira. Iwo anaika kabotolo pakamwa n'kumwa madzi onse mpaka dontho lomaliza, n'kupukuta milomo.

"Ngati kamadya anthu, kayambire m'kati. Mubwere mawa mudzaone ngati ndatha." Anabwezera fodya m'mphuno. "Madzi a mvula. Akumveka mankhwala a chifuwa pang'ono."

Tinadikira. Sindikunama, tonse tinakhala chete kuwayang'ana agogo ngati mphika woti uwire. Anayetsemula kamodzi, a Kamwendo n'kudumpha. Kenaka ndinamva kanthu kakugwa pansi kumsewu. Mnyamata uja anali atataya mwala wake, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna kabawi. A Kamwendo anatseka ndi pemphero lalifupi kwambiri pa mapemphero awo onse, anthu n'kubalalika. ANaphiri anachoka osatsanzika, ndipo panapita miyezi iwiri asanabwere kudzapempha moto. Alipo ena mpaka lero amene sagula tomato wa agogo. Mawu akatuluka sabwerera onse.

Masana a tsiku limenelo tinakhala pakhonde tikusankha tomato amene anali asanaphwanyike.

"Zija amanena pamjigo," anatero agogo osandiyang'ana, "za amako ndi abambo ako. Unkazimva?"

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale."

"Ndimayesa ndinakubisira." Anatembenuza tomato m'manja. "Nanga iwe unkati bwanji?"

Ndinati munthu amene ankandisenza usiku kupita nane kuchipatala ndikadwala malungo ndinkamudziwa ndine, osati a pamjigo. Ndinati n'chifukwa chake ndinkagula nyama, poti ndinalibe wina wotsala. Agogo anakoka mamina n'kunena kuti fodya wa masiku ano ndi wokalipa m'maso.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero. "Ukanandifunsa tsiku loyamba, bwenzi nditakuuza kuti chinangwa timadula, mbatata timadula, ndipo palibe chimene tinachiphikirapo ndiwo."

Amadamu sanandichotse ntchito, ngakhale anandinena mpaka makutu anatentha. Kamtengo kopulumuka kaja tsopano ndi chomera chachikulu cha timitsuko khumi, ndipo ndine ndimadula zidutswa n'kuziika m'madzi. Zimagwira bwino. Chinsinsi chake ndi madzi a mvula, mthunzi, kudikira, ndi kusachita china chilichonse chimene mutu wako ukukuuza. Chala changa sindinachilowetsebe m'kamtsuko, ndipo musandifunse chifukwa.

Kufunsa mafunso ndikuphunzira, koma pang'onopang'ono. Chimene ndinaphunzira msanga ndi china. Lolemba lotsatira Loweruka lija agogo anandiitana ndikunola khasu.

"Amuna anga, njira ya ku butchala mwaidziwa tsopano. Masiku atatu aliwonse, yopanda fupa, monga munkachitira ndi akazi anzanga a m'mabotolo aja. Mukakhala ku Nathenje muzibwera nayo Loweruka."

Ndinati nyama yakwera mtengo.

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, fodya ali pachala. "Chabwino. Musavutike. Ndidzipezera ndekha."

Ndiye bambo wa pa butchala uja akandifunsa ngati ana adya, anthu n'kuseka, ine ndimayang'ana pansi, n'kuyankha kuti adya. Kenaka ndimaloza ya mbuzi.